Mmene Mungadziwire Chimbale Chosiyana ndi Zinzake: Tiyesere pa Zimbale 14 za Opeth

Ukangoyamba kumvera progressive metal, mtundu wa nyimbo za magitala olemera zomwe zimakhala zazitali ndi zosinthasintha, zimbale zonse za gulu limodzi zimamveka ngati nyimbo imodzi yosatha. Nyimbo iliyonse ndi ya mphindi 9 kapena 12, imayamba mwaukali, pakati n'kuzizira, kenako n'kuyambanso kuwira. Ndiye wina akakufunsa kuti chimbale chosiyana ndi zinzake ndi chiti, umangotchula chimene unayamba kuchimva, apo ayi chimene anthu amachitama kwambiri. Mayankho awiri onsewa amazemba funsolo.

Chimbale chabwino koposa ndi chimbale chosiyana koposa si chinthu chimodzi. Kawirikawiri chabwino koposa chimakhala chija chimene gulu lafika nacho pachimake pa zimene linkachita kale, motero chimafanana ndi chimene chinatsogola komanso chimene chinatsatira. Chosiyana ndi chija choti mukachichotsa pa mndandanda, palibe chinzake chingatseke mpatawo. Njira ili m'munsiyi ndi yofufuzira chachiwirichi.

Tiyesera pa Opeth, gulu la ku Stockholm m'dziko la Sweden lomwe linayamba mu 1990. Amene amapeka pafupifupi nyimbo zake zonse ndi Mikael Åkerfeldt, yemwenso amaimba gitala ndi kutsogolera pa mawu. Kuyambira 1995 mpaka 2024 gululi latulutsa zimbale 14 zojambulidwa mu situdiyo, ndipo lasintha kaimbidwe kokwanira kuti muphunzirepo zonse zofunika.

Choyamba: ndandalikani zimbale motsatira zaka, pambali pake lembani amene anaimba

Tengani pepala kapena tsegulani polemba pa foni. Lembani dzina la chimbale, chaka, ndipo pambali pake amene analowa kapena kutuluka m'gulu, kuphatikizapo katswiri amene anajambula nyimbozo. Musadumphe gawo ili poganiza kuti ndi la ana asukulu. Kusintha kwambiri kwa kamvekedwe kumagwera pomwe pasintha munthu.

Kwa Opeth mzere wake uli motere. Orchid ya 1995 ndi Morningrise ya 1996 anajambula ndi Dan Swanö, pa ng'oma pali Anders Nordin, pa besi Johan De Farfalla. Awiriwa atachoka kunabwera My Arms, Your Hearse mu 1998, pa ng'oma pali Martin Lopez, ndipo besi anaimba Åkerfeldt mwiniwake chifukwa Martin Mendez anali atangolowa kumene, nyimbo asanaziphunzire. Mendez anayamba kumveka pa Still Life mu 1999. Blackwater Park ya 2001, Deliverance ya 2002 ndi Damnation ya 2003 zili ndi dzanja la Steven Wilson wa gulu la Porcupine Tree pa kajambulidwe. Pa Ghost Reveries mu 2005 Per Wiberg anakhala membala wokhazikika pa kiyibodi. Pofika pa Watershed mu 2008, Lopez ndi woimba gitala wakale Peter Lindgren anali atachoka, m'malo mwawo mutalowa Martin Axenrot ndi Fredrik Åkesson. Kenako Heritage mu 2011, Pale Communion mu 2014, Sorceress mu 2016, In Cauda Venenum mu 2019, ndi The Last Will and Testament mu 2024, pomwe pa ng'oma pali Waltteri Väyrynen wa ku Finland.

Musanamvere ngakhale nyimbo imodzi, pepala lakuuzani kale malo oti mudzatchere khutu: pakati pa 1996 ndi 1998, pa 2005, ndi pa 2008.

Chachiwiri: pezani chimbale choyezera zinzake

Simungati chinthu ndi chosiyana musanadziwe chimene chikusiyana nacho. Gulu lililonse lili ndi chimbale chimene anthu amatanthauza akati "nyimbo iyi ikumveka ngati gulu lakutilakuti." Kwa Opeth ndi Blackwater Park. Chimvereni kawiri kapena katatu chathunthu, nyimbo zonse 8, ndipo lembani zizolowezi zake m'mawu anuanu.

Mukamvera "The Leper Affinity" ndi "The Drapery Falls" mupeza zinthu ngati izi. Pali riff, kachidutswa ka gitala kobwerezabwereza, yolemera, yotambalala, yomwe zingwe zambiri zimalira nthawi imodzi mosagwirizana kwenikweni. Pamwamba pake pali mawu obangula ochokera pansi pa khosi, aja amati growl. Mwadzidzidzi zonse zimathima, kutsala gitala ya acoustic yokha ndi mawu osalala achisoni. Kenako gitala imodzi yamagetsi imalira motalika, pang'onopang'ono, kumbuyo kwa zonsezi, ndiyeno phokoso limabwereranso. Nyimbo zake zambiri sizibwerera ku kolasi ngati nyimbo za pa wailesi, zimangopita chitsogolo. Zizolowezi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zakwana. Imeneyi ndiyo sikelo yanu.

Dziwani kuti chimbale choyezerachi, mwa chikhalidwe chake, chidzapeza malikisi ochepa pa mayeso athu. Musakhumudwe nazo. Tibwereranso kwa icho kutsogoloku, chifukwa nkhani yake ili ndi mbali ina.

Chachitatu: konzani kamveredwe

Sipika ya foni siitulutsa besi, ndipo besi ndi theka la umboni umene mukufuna. Pezani mahedifoni, ngakhale otsika mtengo. Ngati bandulo ndi yovuta, tsitsani zimbale ziwiri pomwe mwapeza intaneti yabwino n'kumazimvera mobwereza, kusiyana n'kumadumphadumpha pa YouTube nyimbo imodzi apa, ina apo. Zimitsani shuffle, ija imasokoneza ndondomeko ya nyimbo. Ikani voliyumu pa mlingo wofanana m'makutu, chifukwa chimbale chojambulidwa mokweza chimanamiza khutu kuti ndi champhamvu kuposa chinzake.

Onaninso ngati mukumvera kajambulidwe koyambirira kapena kokonzedwanso. Deliverance ndi Damnation anazikonzanso kamvekedwe n'kuzitulutsa pamodzi mu 2015, yoyambayo ndi Bruce Soord, yachiwiriyo ndi Wilson. Ngati mukuweruza za 2002, mverani za 2002.

Chachinayi: mverani ziwiriziwiri, zoyandikana zaka

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni. Kuyerekeza Orchid ndi Sorceress n'kutaya nthawi, chifukwa pakati pawo pali zaka 21 ndipo aliyense angamve kusiyana. Yerekezani zoyandikana. Ana a mimba imodzi mlendo amawaona ofanana, koma mayi wawo amadziwa amene watsokomola ali kuseri kwa nyumba. Khutu lotero limabwera pomvera awiri otsatana, osati woyamba ndi chitsiriza.

Yambani ndi Morningrise ndi My Arms, Your Hearse. Morningrise ili ndi nyimbo zisanu zokha, iliyonse yopitirira mphindi 10, ndipo "Black Rose Immortal" imadutsa mphindi 20. Tcherani khutu ku magitala awiri. Saimba chinthu chimodzi. Iliyonse ili ndi kanjira kake, ina m'khutu lakumanzere ina lakumanja, ndipo zimalukana. Pansi pawo besi ya De Farfalla siitsatira magitala ngati mmene besi ya metal imachitira. Imayenda yokha, imakwera pomwe magitala akutsika, ndipo imamveka poyera. Chidutswa chikadutsa sichibweranso kawirikawiri. Mutha kuchikonda kachidutswa ka masekondi 40, n'kukadikira mpaka nyimbo kutha osakamvanso. Mawu obangula nawo ndi owuma, okwera pang'ono, osati akuya ngati a m'tsogolo.

Tsopano ikani My Arms, Your Hearse. Magitala olukana aja asanduka khoma limodzi lochindikala. Besi yabisala. Palibe nyimbo yofika mphindi 10. Mawu obangula atsika pansi. Chimbale chonse chikufotokoza nkhani imodzi ya mzimu wa munthu wakufa amene akuyang'anira mkazi amene anamusiya, ndipo mawu a nyimbo iliyonse amathera pa dzina la nyimbo yotsatira.

Funso loti mudzifunse ndi ili: mwa ziwirizi, ndi chiti chimene njira yake inapitirira? Mukamvera Still Life ndi Blackwater Park mupeza kuti khoma la magitala lija ndi limene linakhala maziko a gululi kwa zaka khumi zotsatira. Kalukidwe ka Morningrise kanathera pomwepo. Ndiye My Arms, Your Hearse ndi chimbale chofunika kwambiri m'mbiri ya gululi, koma chosiyana ndi Morningrise. Kufunika ndi kusiyana mulembe m'mizere iwiri yosiyana pa pepala lanu.

Nanga Orchid? Ili ndi kalukidwe komweko, koma kosapsa. Mukaimvera pambali pa Morningrise mumamva gulu lomwelo likufunafuna chimene linadzachipeza patatha chaka. Ili ndi zake, monga kanyimbo ka piyano yokha ka "Silhouette" komwe anaimba woimba ng'oma Nordin, koma kwa ine mpando wa nyengo imeneyi ndi wa Morningrise. Zimbale ziwiri zikagawana kaimbidwe kamodzi, mphoto imapita kwa chimene chakafikitsa patali.

Chitani chimodzimodzi ndi Still Life ndi Blackwater Park, kenako Blackwater Park ndi Deliverance. Apa mupeza kuti kusiyana n'kochepa. Still Life ili ndi ma riff opindikapindika kuposa inzake, Blackwater Park ili ndi mpweya wambiri ndi mawu osanjikizana omwe Wilson anabwera nawo, Deliverance ndi youma ndi yaukali. Koma mafupa ake ndi amodzi. Musachite manyazi kulemba kuti "zitatu izi ndi banja limodzi." Kumenekonso n'kupeza kanthu.

Chachisanu: tsatirani chida chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Khutu limathamangira mawu a woimba. Likakamizeni kusiya. Sankhani nyimbo imodzi pa chimbale chilichonse ndipo mumvere ng'oma zokha, tsiku lina besi yokha, tsiku lina kiyibodi.

Ng'oma ndi zimene zimaulula zambiri pa Opeth. Lopez, yemwe anakulira ku Uruguay, ali ndi kamenyedwe kovinitsa, kodzaza ndi timikwapulo tofewa pakati pa kugunda kwakukulu. Ngakhale pomwe nyimbo yalusa, ng'oma zake zimakhala ngati zikuyenda monyang'wa. Mverani mphindi zomalizira za nyimbo ya "Deliverance": gitala ikubwereza kachidutswa kamodzi kodukaduka kwa nthawi yaitali, ndipo ng'oma ndi zimene zikukupangitsani kuti musatope. Yesani kuomba m'manja motsatira kachidutswako. Mukasokonekera kangapo musanakagwire, mwapeza chinthu choti mulembe. Axenrot, yemwe anachokera ku magulu olusa ngati Bloodbath ndi Witchery, amamenya mowongoka komanso molimba. Mukangomva zimenezi, Ghost Reveries ndi Watershed zimasiya kumveka ngati mapasa.

Kiyibodi ikuthandizani kuweruza Ghost Reveries. Pa Blackwater Park piyano imangobwera apa ndi apo ngati mlendo. Pa Ghost Reveries ogani ndi mellotron, kiyibodi yakale yotulutsa kamvekedwe ka zingwe ndi kwaya, zili mkati mwa ma riff olemera enieniwo, mverani poyambira "Beneath the Mire." Kuwonjezera apo, nyimbo zambiri za m'chimbalechi anaziimba zingwe za gitala atazimanga mwa mtundu wina, moti ukangokwapula zonse osagwira paliponse zimatulutsa kale chord, kulira kwa zingwe zingapo mogwirizana. N'chifukwa chake ma riff ake amalira motseguka. Kodi zimenezi zakwana kuchitcha chosiyana? Ine ndimachipatsa theka. Zovala ndi zatsopano, koma kayendedwe ka nyimbo n'kaja ka 2001.

Watershed ndi nkhani ina, ndipo anthu ambiri amachidutsa msanga poti chili ndi growl ngati zam'mbuyo mwake. Chimayamba ndi "Coil," kanyimbo kofatsa ka mphindi zitatu komwe Åkerfeldt akuimba ndi mayi wina woimba, Nathalie Lorichs. Chisanakuzolowereni, pakugwa "Heir Apparent," yomwe ilibe ngakhale mzere umodzi wa mawu osalala. Mu "The Lotus Eater" muli chinthu chimene sikelo yanu ija ilibe: ng'oma zothamanga kwambiri zija amati blast beat zili pansi pa mawu osalala, m'malo mwa obangula, ndipo pakati pa nyimbo kiyibodi imayamba kachidutswa kodumphadumpha kokhala ngati kochokera m'nyimbo zovina za m'ma 1970. "Burden" imathera pa gitala ya acoustic yomwe wina akuimasula zingwe mnzake ali mkati moimba, mpaka nyimboyo kupotoka. Pa zimbale zam'mbuyo kusintha kuchoka pa ukali kupita pa kufatsa kunali kosalala, kokonzedwa bwino. Pa Watershed kumachitika mwadala ngati ngozi. Ichi ndi chimbale chosiyana, ngakhale kuti zida zake zonse ndi zomwe zija.

Chachisanu ndi chimodzi: chenjerani ndi kusiyana koonekera patali

Pali kusiyana kumene ngakhale munthu wodutsa pa msewu angakumve. Pa Opeth ndi nkhani ya growl. Kuyambira Heritage mu 2011 mpaka In Cauda Venenum mu 2019 Åkerfeldt sanabangule pa chimbale chilichonse, ndipo okonda gululi anagawanika kwambiri. Koma taonani: ngati zimbale zinayi zotsatana zilibe growl, kusowa kwa growl sikungasiyanitse chimodzi mwa izo. Kwasanduka chizolowezi chatsopano. Ndiye nyengo imeneyi ikufunika sikelo yakeyake, ndipo muyambirenso kumvera ziwiriziwiri.

Mayeso abwino apa ndi kuika Damnation pambali pa Heritage. Zonse zilibe growl, koma palibe china chofanana. Damnation anaijambula nthawi imodzi ndi Deliverance, maganizo ali oti ukali upite kwina, kufatsa kwina. Nyimbo zake 8 ndi zazifupi, chimbale chonse sichifika mphindi 45, zambiri zili ndi vesi ndi kolasi, magitala ndi oyera, mellotron yaphimba zonse, ndipo chisoni chake ndi chimodzi kuyambira "Windowpane" mpaka "Weakness." Palibe pomwe chimakudzidzimutsani. Heritage ndi yosakhazikika. Imayamba ndi piyano yokha, imatha ndi nyimbo yopanda mawu, ndipo pakati pake nyimbo zimaima mwadzidzidzi, kukhala chete, n'kuyambira pena. Ng'oma zake ndi zouma, zomveka ngati woimbayo ali m'chipinda chomwecho ndi inu. Mu "Famine" muli chitoliro cha Björn J:son Lindh ndi ng'oma zamanja za Alex Acuña, katswiri wa ku Peru yemwe anaimbapo ndi gulu la Weather Report. "Slither" ndi yothamanga, yolemekeza woimba Ronnie James Dio amene anamwalira mu 2010.

Mukapitirira ku Pale Communion mumva gulu lomwe lasalaza makona a Heritage: mawu ambiri oimbira pamodzi, nyimbo zoyenda bwino, zosavuta kuzikonda. Ambiri amati ndi yabwino kuposa Heritage, ndipo sindingawatsutse kwambiri. Koma yodabwitsa ndi Heritage. Sorceress imabwezako kulemera kwa magitala, koma nyimbo zake zambiri zingakhale pa chimbale cham'mbuyo kapena cham'tsogolo popanda wodandaula.

In Cauda Venenum ili ndi msampha wake. Inatuluka m'zinenero ziwiri, Chiswidishi ndi Chingerezi, nyimbo zomwezo. N'kosavuta kunena kuti ndi yosiyana chifukwa cha chinenero basi. Yesani chonchi: mverani ya Chingerezi kaye, muweruze nyimbozo pazokha. Ngati zikadali zosiyana ndi za Sorceress, ndiye kusiyanako n'kwenikweni. Mupeza zoimbira za zingwe zambiri ngati za okesitira, mawu a anthu akulankhula pakati pa nyimbo, ndi kaimbidwe kokweza mawu kuposa kale. Kenako mverani ya Chiswidishi kuti mumve mmene mawu akukhalira pa nyimbo, poti Åkerfeldt anayamba kulemba m'chinenero chakwawocho. Kusamva tanthauzo kumathandiza pano, chifukwa khutu limatsala ndi kamvekedwe kokha.

Chachisanu ndi chiwiri: mayeso awiri ofulumira

Oyamba ndi osamutsa nyimbo. Tengani nyimbo zitatu pa chimbale chimene mukuchiyesa, ndipo pa iliyonse mudzifunse ngati ingakhale pa chimbale choyandikana nacho popanda kuonekera. "Master's Apprentices" ya pa Deliverance ingalowe pa Blackwater Park. "Black Rose Immortal" ilibe kwina kopita kupatula Morningrise, mwina Orchid. "The Lotus Eater" singachoke pa Watershed. Chimbale chimene nyimbo zake zambiri zikukana kusamuka ndicho mukufuna. Samalani ndi chimbale chokhala ndi nyimbo imodzi yokha yachilendo. Nyimbo imodzi siisenza chimbale chonse.

Achiwiri amafuna mnzanu. Mupatseni foni, inu mutembenuke. Asankhe nyimbo iliyonse, ayambire pakati, aimbe masekondi 30 okha, inu mutchule chimbale. Poyambira nyimbo sipathandiza chifukwa mumapaloweza. Lembani zimene mwalondola ndi zimene mwaphonya. Zimene mukuzisokoneza mobwerezabwereza, monga Still Life ndi Blackwater Park kapena Pale Communion ndi Sorceress, zakuuzani zokha kuti ndi zapachibale. Zimene mukuzidziwa sekondi yachitatu isanakwane ndiye zosiyana zija.

Chachisanu ndi chitatu: siyanitsani nyimbo ndi nkhani zozungulira nyimbo

Zinthu zina zimamatirira pa chimbale n'kumaoneka ngati mbali ya kamvekedwe kake pomwe si choncho. Chikuto ndi chimodzi. Kuyambira Still Life zikuto za Opeth amajambula ndi Travis Smith, ndipo kufiira kwa Still Life, kutuwa kwa Blackwater Park ndi kuyera kwa Damnation kumalowa m'mutu mpaka munthu kumamva mitundu m'malo mwa nyimbo. Nkhani ya m'mawu ndi china. Still Life imasimba za munthu wopirikitsidwa kwawo chifukwa cha chikhulupiriro, amene wabwerera kudzatenga wokondedwa wake Melinda. Ndi nkhani yogwira mtima, koma imasiyanitsa mawu, osati kaimbidwe. Ipatseni mzere wake pa pepala. Chachitatu ndi chikondi cha chimbale chimene munayambira. Chimenecho sichichoka, ingochidziwani n'kuchichotsera malikisi pang'ono.

Tsopano tibwerere kwa Blackwater Park, chifukwa pali mafunso awiri amene anthu amawaphatikiza. Chimbale chikhoza kusiyana ndi zinzake za gulu lomwelo, kapena kusiyana ndi nyimbo za magulu ena onse. Heritage ndi yachilendo kwambiri mkati mwa Opeth, koma mukaitulutsa panja n'kuiika pakati pa zimbale za progressive rock za m'ma 1970, za magulu ngati King Crimson ndi Camel, imapeza abale ambiri. Åkerfeldt sabisa kuti amakonda ndi kusonkhanitsa zimbale za nyengo imeneyo; dzina loti Blackwater Park analitenga ku gulu lina la ku Germany la zaka zomwezo, ndipo loti My Arms, Your Hearse linachokera m'mawu a nyimbo ya gulu la ku Britain la Comus. Blackwater Park ndi yosemphana ndi Heritage. Mkati mwa Opeth ndi ya pakatikati, koma panja, mu 2001, panalibe ambiri omveka choncho, ndipo magulu ochuluka anadzatengera pambuyo pake. Choncho pa chimbale chilichonse lembani malikisi awiri, a m'nyumba ndi a panja. Mikangano yambiri ya okonda nyimbozi imakhala ya anthu awiri amene wina akunena za m'nyumba, wina za panja, onse osadziwa.

Chachisanu ndi chinayi: lembani chigamulo m'chiganizo chimodzi, mudikire, muyesenso

Pa chimbale chilichonse malizitsani chiganizo ichi: "Ndi pano pokha pomwe gululi…" Ngati mwatha kuchimaliza ndi chinthu chomveka ndi khutu, chimbalecho chapambana. "Ndi pano pokha pomwe besi ikuyenda yokha pansi pa magitala awiri olukana kwa ola lathunthu." "Ndi pano pokha pomwe chimbale chonse chili chofatsa, cha nyimbo zazifupi zokhala ndi kolasi." Ngati zomwe zikubwera ndi mawu ngati "chokoma," "champhamvu" kapena "chakuya," ndiye mukuchikonda chabe, zomwe si mlandu, koma si zimene timafufuza.

Pa pepala langa zopambana ndi Morningrise, Damnation, Watershed ndi Heritage. Ghost Reveries ndi In Cauda Venenum zili pakhomo. Pa zinayi zopambanazo, chimene ndimamvera kawirikawiri si Heritage ayi, ndipo Still Life yomwe sinalowe n'komwe ndimaibwerera kuposa zambiri mwa izo.

Siyani pepalalo milungu ingapo, mumvere zina, kenako mubwereze mayeso a masekondi 30 aja. Chachilendo china chimatha mukachizolowera, china chimakhalabe.

Njirayi imagwiranso pa magulu ena, kungosintha sikelo. Kwa Dream Theater ya ku America yezerani pa Images and Words ya 1992, ndipo pa mzere wa anthu lembani kuchoka kwa woimba kiyibodi Kevin Moore itatha Awake ya 1994, kuchoka kwa woimba ng'oma Mike Portnoy mu 2010 ndi kubwerera kwake mu 2023. Kenako yesani Train of Thought ya 2003, yolemera kuposa zinzake, ndi The Astonishing ya 2016, ya nyimbo 34 zosimba nkhani imodzi kwa maola opitirira awiri. Yachiwiriyi ambiri saikonda, koma pa mayeso osamutsa nyimbo imapambana mosavuta.

Chimbale chatsopano kwambiri musachigamule msanga. The Last Will and Testament inatuluka mu November 2024, growl itabwerera koyamba chichokereni Watershed, ndipo chisangalalo cha zimenezo chokha chingakutsekeni makutu. Chotsani growl m'maganizo monga tinachitira pa gawo lachisanu ndi chimodzi, muone chotsala. Nyimbo zisanu ndi ziwiri zilibe mayina koma manambala a ndime, §1 mpaka §7, chifukwa nkhani yake ndi ya kuwerengedwa kwa wilo ya bambo wolemera pamaso pa ana ake; yomaliza yokha, "A Story Never Told," ndiyo ili ndi dzina. Ian Anderson wa Jethro Tull amalankhulamo ndi kuimba chitoliro, ndipo Joey Tempest wa gulu la Europe amamvekamonso. Nyimbo zake ndi zazifupi poyerekeza ndi za 2001, koma zothithikana, zosintha msangamsanga, ndipo kayendedwe kake kali pafupi ndi In Cauda Venenum kuposa Blackwater Park. Malikisi a panja mutha kulemba lero. A m'nyumba lembani ndi pensulo, chifukwa chimbalechi chili ndi mnansi mbali imodzi yokha, ndipo sitidziwa ngati njira yake idzapitirire kapena idzathere pomwepa mpaka chimbale cha 15 chitatuluka.